Masipeya a makina a fotokope ndi fakisi: msonkho wa pa boda amawerengera bwanji?

Mayi a Fatuma
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za kasitomu. Makina anga aja a Brother, ochita fotokope, kupulinta ndi fakisi pamodzi, anayamba kukoka mapepala atatuatatu, kenako kumangotafuna. Fundi anati raba yokoka mapepala yatha, fuser, chida chija chotenthetsa inki kuti imatirire pa pepala, nayonso yang'ambika. Ndinafunsitsa ku Blantyre mpaka ku Limbe, osapezeka. Ndiye mlongo wanga ali ku Joni anandigulira n'kupatsira a transipota. Katundu wafika dzulo, kaphukusi kolowa m'chikwama cha m'manja, koma a transipota akuti ndiwonjezere ndalama ya msonkho yomwe analipira pa boda, ndipo ikuyandikira theka la mtengo wa katunduyo. Pa invoyisi palembedwa kuti fax machine parts. Kodi chadulitsa n'chimenecho? Nanga si timamva kuti katundu wa ku South Africa salipira msonkho chifukwa cha SADC?

Fundi wa pa Mpondasi
Fundi akunenedwayo ndine, ena angaganize kuti mayiwa anapita kwa anyamata okonza mafoni kkkk. Raba ija ndinaitembenuza kale chaka chatha, mkati kukhala kunja, ndiye panalibenso pothawira. Inasalala mpaka kunyezimira, timizere tonse togwira pepala tinatha. Fuser nayo kachikopa kake kaja kanang'ambika chakumphepete. Wina anaika mu thireyi pepala logwira kale ntchito, sitepulo ili pompo. Ndimanena tsiku ndi tsiku za masitepulo koma anthu samva.

Achimwene a ku Chiponde
Mayi, musanatulutse ngakhale tambala, afunseni a transipotawo lisiti la kasitomu. Msonkho weniweni umakhala ndi pepala la MRA losonyeza katundu amene anaonetsedwa, mtengo umene unavomerezedwa ndi ndalama imene inalipidwa. Akangokuuzani pakamwa kuti ya boda ndi mwakuti, imeneyo ndi nkhani ina.

Tsono za SADC. Ambiri amasokonezeka pamenepa. Mgwirizano wa malonda umenewu, womwe unakhazikika mu 2008, sufunsa komwe katundu wagulidwa. Umafunsa komwe wapangidwa. Tembenuzani kabokosi ka fuser yanuyo muwerenge kunsi, mupeza China kapena Vietnam. Sitolo ya ku Johannesburg inangoitanitsa n'kuika pa shelefu. Kuti katundu apepukidwe msonkho pamafunika satifiketi yoti anapangidwadi m'dziko la mgwirizanowo, ndipo palibe angakulembereni satifiketi yotero pa chinthu chochokera ku Asia. Ku COMESA n'chimodzimodzi. Malawi anali m'gulu loyamba lomwe linachotserana msonkho mu Okutobala 2000, limodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Kenya, Egypt ndi ena, koma nakonso amafuna umboni wa komwe ntchito yopanga inachitikira. South Africa sali mu COMESA n'komwe, ngakhale anzathu a ku Mandimba tikuonana nawo kutsidyaku, dziko lawo la Mozambique mulibe.

Mayi a Fatuma
Ndaona achimwene. Palembedwa Vietnam. Ndiye SADC yandithawa basi. Nanga za fakisi zija?

Achimwene a ku Chiponde
Zimenezo musade nazo nkhawa. A kasitomu amayendera nambala. Pali buku lomwe maiko pafupifupi onse amagwiritsa ntchito, Harmonized System, losungidwa ndi World Customs Organization ku Brussels kuyambira 1988. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake, manambala 6 oyambirira ndi ofanana kaya muli ku Chiponde, ku Durban kapena ku Dubai. Dziko lililonse limangowonjezera ake kumapeto n'kuikapo peresenti yake.

Kale fakisi inali ku 8517 limodzi ndi matelefoni. Mu 2007 bukuli linakonzedwanso, ndipo pulinta, fotokope ndi fakisi zonse zinasonkhanitsidwa ku 8443. Makina ngati anuwo, ogwira ntchito ziwiri kapena zitatu ndipo amalumikizika ku kompyuta, ali pa 8443.31. Masipeya ake ali pa 8443.99. Ndiye kaya wogulitsa alembe kuti ndi za fakisi, kaya za pulinta, raba ndi fuser zikagwera khomo limodzi lomwelo.

Chimene chimakweza ndalama ndi kawerengedwe. Msonkho sawerengera pa mtengo wa m'sitolo wokha. Amaphatikiza mtengo wa katundu, inshuwalansi ndi thiransipoti yofikitsira katunduyo m'dziko muno. Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi ongophunzitsira, musapite nawo pa kauntala: katundu K100,000, mayendedwe K30,000, zonse K130,000. Tinene kuti duty, msonkho wolowetsera katundu, ndi 10 peresenti, ndiye K13,000. VAT, tinene ya 16.5 peresenti, imabwera pamwamba pa zonsezo, pa K143,000, osati pa K100,000 ija ayi. Imakwana K23,595. Boma latenga K36,595 pa chinthu chomwe inu m'mutu mwanu mukuti ndi cha K100,000. Onani bwino: chachikulu apa ndi VAT, osati duty imene anthu amaitukwana. Peresenti yeniyeni ya nambala yanu ili m'buku la msonkho la MRA, ndipo imatha kusintha bajeti ikadutsa ku Nyumba ya Malamulo.

Aphunzitsi a ku Namwera
Mwafotokoza bwino achimwene, koma ine mtima sunatsike. Msonkho wa pa boda timaphunzitsa ana kuti umateteza mafakitale a m'dziko. Pa shuga ndikumva, tili ndi Nchalo ndi Dwangwa. Pa simenti ndikumva, fakitale ili konkuno ku Mangochi, ku Njereza, ana athu ena amagwira ntchito kumeneko. Nanga pa raba ya fotokope tikuteteza ndani? Ndani m'Malawi muno amapanga fuser? Palibe, ndipo sindikuona wina akuyamba mawa. Ndiye msonkho umenewu ukungogwera mayi ngati awa, iwo akweza mtengo wa peji, ife a sukulu tikamasindikiza mayeso a kumapeto kwa teremu tiuza makolo kuti asonkhe zambiri. Pamapeto pake wolipira ndi mayi wogulitsa usipa pa msika amene sanaonepo ndi mkati mwa makinawo.

Teremu yatha ife tinalemba mayeso a Sitandade 6 pa bolodi, ana kukopera. Mwana wokhala kumbuyo amathera theka la nthawi kufunsa mnzake kuti nambala 7 yalembedwa chiyani.

Madala a ku Malindi
Aphunzitsi, malipiro anu amachokera kuti? Sindikukunyozani, ndikungofunsa. Ine ndinagwira ntchito ya mtengatenga nthawi imene positi ndi matelefoni zinali kampani imodzi, isanagawidwe mu 2000 kukhala MTL ndi Malawi Posts Corporation. Ndikudziwa kuti boma silikhala ndi munda. Anthu olembedwa ntchito odulidwa msonkho pa malipiro ndi ochepa m'dziko muno, ambiri tili m'minda, pa nyanja ndi m'misika momwe wokhometsa msonkho safikamo. Pa boda ndi pokhapo pamene katundu amaima n'kuwerengedwa. Ndiye boma limakatolera pamenepo, kaya pali fakitale yoteteza kaya palibe.

Koma za fakisi mwandikumbutsa kutali. Masiku amenewo malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ankalandira mabukingi pa fakisi, ndipo munthu wofuna kutumiza satifiketi ku Lilongwe ankaima pa mzere. Umaimba nambala, kumva kulira kuja kwa mluzu, n'kudina batani lobiriwira, pepala n'kumalowa pang'onopang'ono. Pepala lolandirira linali la mpukutu, lopyapyala, loterera. Ukalisiya pa windo ndi dzuwa la kuno la Okutobala, limada lonse. Ukalisunga mu fayilo, pakatha chaka zilembo zazimiririka, watsala ndi pepala loyera. Ochenjera ankathamangira kulichita fotokope tsiku lomwelo.

Wa ku Joni
Madala mwatitengera ku museum ya pa boma kkkk. Ndani akutumiza fakisi lero? Ngakhale lamya ya waya yake ili kuti?

Mayi a Fatuma
Ine batani la fakisi sindinalidinepo chigulireni makinawa. Anthu amabwera ndi zikalata pa WhatsApp, ine n'kupulinta. Koma linabwera pompo, ndichite nalo bwanji.

Aphunzitsi a ku Namwera
Musaiseke kwambiri. Ku Japan maofesi ambiri akuigwiritsabe ntchito, nduna ina ya kumeneko, Taro Kono, inayesa kuichotsa m'maofesi a boma mu 2021 ndipo inakumana ndi anthu okana. Ku England zipatala za boma zinachita kuletsedwa kugula makina a fakisi atsopano kuyambira Januwale 2019. N'chifukwa chake opanga makina amasiyabe batanilo.

Koma Madala, ndibwerere kwa inu. Ndikuvomera kuti boma lifuna ndalama. Funso langa ndi loti lizitenge pati. Mayi awa makina awo akaima mwezi wathunthu podikira sipeya yotchipa, boma lataya msonkho wa pa mapepala, wa pa tona (inki ya ufa ija), wa pa magetsi, ndipo mtsikana amene amawathandiza pa shopu wakhala pakhomo. Kukhometsa chida chogwirira ntchito n'kudya mbewu m'malo modikira zokolola.

Achimwene a ku Chiponde
Mfundo ya aphunzitsiyi maiko ena anaitsatira. Mu Disembala 1996 ku Singapore, maiko ena a mu WTO, bungwe la malonda la dziko lonse, anasainirana pangano lotchedwa Information Technology Agreement, loti makompyuta, matelefoni, mafakisi ndi zida zotere zizilowa popanda duty. Malawi ali mu WTO kuyambira 1995 koma pangano limeneli sanalowemo, ndipo mu Africa analowamo ndi owerengeka, monga Mauritius, Egypt ndi Morocco. Kusalowamo sikutanthauza kuti sitingatsitse msonkho pa zida zimenezi. Kumangotanthauza kuti sitinadzimange, boma likhoza kutsitsa kapena kukweza mmene laonera.

Ndipo musaganize kuti mkangano wa makina ophatikizawa ndi wa ife osauka okha. European Union inkakhometsa 6 peresenti pa makina ena otere ponena kuti ndi fotokope, pomwe America, Japan ndi Taiwan ankati ayi, ndi zida za kompyuta zoyenera kulowa ulere. Anakasumirana ku WTO mu 2008, ndipo mu 2010 chigamulo chinakomera odandaulawo. Maloya a masuti ku Geneva kukangana za makina omwewa ali pa shopu ya Mayi a Fatuma.

Komabe aphunzitsi, ndikuchenjezeni. Ngakhale duty itakhala ziro mawa, VAT ikhalapobe, ndipo peji ya fotokope sitsika kwenikweni. Chimene chatipweteka ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Ndipo umenewo ndi mtengo wa ku banki, komwe wamalonda wamng'ono akapita amauzidwa kuti adikire. Aliyense pano akudziwa komwe ambiri amakapeza ma randi ndi mtengo wake, sindilemba. A kasitomu amasintha invoyisi yanu pa mtengo wovomerezeka, ndiye kunena zoona msonkho ndi gawo laling'ono la ululu wanu. Waukulu unachitika kale tsiku lomwe munagula ndalama yakunja.

Wa ku Joni
Njira yachidule ilipo asisi. Ulendo wina mudzandiuze, pali amwenye ena kuno amakulembera invoyisi ya mtengo womwe ukufuna. Chinthu cha R900 alemba R200, nkhani yatha.

Achimwene a ku Chiponde
Aise, usawaphunzitse mayiwa zimenezo. Ma ofisala ali ndi kompyuta, zonse zimalowa mu ASYCUDA, pulogalamu ya kasitomu yolembamo katundu, ndipo amaona mitengo imene ena analengeza pa katundu wofanana. Akakayikira invoyisi ali ndi mphamvu yoikana n'kuwerengera pa mtengo wa katundu wofanana naye. Zikaoneka kuti munanama dala, katundu amagwidwa, chindapusa pamwamba. Iwe uli ku Joni, amene adzayende ulendo wa ku boda kukapepesa ndi mayiwa.

Adimini
Wa ku Joni, uthenga umenewo ndausiya kuti ena aone yankho lake, koma tisabwerezenso. Gulu lino muli anthu osiyanasiyana.

Wa ku Joni
Pepani akuluakulu, ndimangocheza.

Mayi a Fatuma
Ndawaimbira a transipota aja. Poyamba amati lisiti lili m'galimoto. Nditalimbikira akuti katundu yense wa mu thirela, mafiriji, matayala, mabulangete, njinga, anamulipirira pamodzi, ndiye aliyense amangomugawira ndalama mongoyerekeza. Ndawafunsa kuti kaphukusi kanga munakayerekeza ndi chiyani, firiji? Aseka, achotsako pafupifupi theka. Ndalipira chifukwa ndi anthu omwe timawafunabe mawa, koma lisiti sindinalione.

Madala a ku Malindi
Mwaona aphunzitsi? Timatukwana boma pa ndalama zomwe mwina sizinafike n'komwe ku boma.

Aphunzitsi a ku Namwera
Apo mwandigwira pang'ono Madala, koma mfundo yanga ili chiimire. Anthu amathawira kwa a transipota chifukwa njira yolongosoka ndi yodula ndi yaitali kwa munthu wofuna raba imodzi. Ejenti wotulutsa katundu pa kasitomu amulipire, mafomu, TPIN (nambala ya wolipira msonkho ku MRA), zonsezo pa chinthu chokwana m'thumba la malaya. Ndipo pali china chomwe sichinatchulidwe. Kampani yaikulu ya ku Blantyre yolembetsa VAT imabwezeredwa VAT yomwe inalipira pa boda, imachotsera pa imene yatolera kwa makasitomala. Mayi a Fatuma sanalembetse, ndiye yawo imathera pa iwo. Wamkulu ndi wamng'ono agula sipeya imodzimodzi, wamng'ono ndiye walipira zambiri. Ndikunama achimwene a ku Chiponde?

Achimwene a ku Chiponde
Simukunama. Zili choncho.

Che Bwana a ku Monkey Bay
Ndalowa mochedwa, ndinali pa nyanja ndi alendo. Funso langa: nkhondo ya msonkho ya a Trump ndi China ija, mpaka 145 peresenti mu Epulo 2025, kodi si imene yakweza tona? Wogulitsa wina ku Lilongwe anandiuza choncho.

Achimwene a ku Chiponde
Anakupusitsani bwana. Msonkho umenewo amalipira ndi munthu wolowetsa katundu wa ku China mu America. Tona yanu imachoka ku China kudzera ku Dar es Salaam, Beira, Nacala kapena Durban, ku America sipondako. Imene inatikhudza ife mwachindunji ndi ya pafupi pompano. Mu Malichi 2025 boma lathu linaletsa kulowetsa katundu wina monga ufa, mpunga ndi zipatso, pofuna kuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja. Tanzania inabwezera mu Epulo, kutseka zokolola zathu, ndipo pa Songwe zinthu zinaima mpaka maboma awiriwa atakhala pansi. Masipeya sanali pa mndandanda, koma aliyense amene katundu wake amadzera ku Dar anagona ndi nkhawa. Dziko lopanda doko likakangana ndi mwini doko, ngakhale amene simunalowe nawo mkanganowo mumaumva.

Fundi wa pa Mpondasi
Inu mukukamba za ku Geneva, ine ndikambe za pa tebulo langa. Amene mukuitanitsa fuser, chonde onetsetsani kuti ndi ya 220 volts. Za ku America ndi za 110, za ku Japan ndi za 100. Maonekedwe ndi amodzimodzi, imalowa bwinobwino m'malo mwake, koma mukangoyatsa mumva fungo. Bambo wina anaitanitsa pa intaneti yotchipa, analipira ndege, analipira msonkho wonse mokhulupirika, inagwira ntchito nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Msonkho subwezedwa chifukwa choti munagula cholakwika. Za ku South Africa zilibe vuto, magetsi athu ndi amodzi.

Chinanso, theka la masipeya amene anthu amaitanitsa sakanafunika akanasamala makina. Kuno fumbi ndi lambiri, ndiye nyengo ya nkhungu tizilombo timalowa mpaka pa galasi la laser. Ndinatsegula ena a ku M'baluku ndinapeza nalimata wouma atagona pa bolodi ya magetsi, ndi amene anawotcha. Vindikirani makina ndi nsalu mukaweruka. Raba muziipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, osati palafini, amaifufumitsa. Mapepala musasunge pansi pa simenti, amayamwa chinyezi n'kumamatirana, inu n'kumati raba yatha.

Ndipo makina akufa musataye. Maofesi ndi mabungwe akamagulitsa zakale ine ndimagula, ndili ndi mitembo yambiri kuseri kwa nyumba, mayi a kunyumba amadandaula tsiku lililonse. Koma giya imodzi ya m'menemo imadzutsa makina a munthu tsiku lomwelo, popanda boda, popanda randi.

Che Bwana a ku Monkey Bay
Fundi, nanga tona wa m'mabotolo wothira tokha uja? Ndimaona ngati amatchipa kwambiri kuposa katiriji.

Fundi wa pa Mpondasi
Amatchipa, koma mugule woyenera mtundu wa makina anu. Wa HP musathire mu Brother kapena mu Kyocera, mapeji amatuluka otuwa ndipo drum, mpukutu wosamutsira tona pa pepala, imatha msanga. Pothira muvale kansalu kumphuno, ufa umenewo si wabwino m'chifuwa.

Achimwene a ku Chiponde
Ndipo pa kasitomu ziwirizi si chinthu chimodzi. Katiriji yathunthu imapita ndi masipeya ku 8443.99, pomwe ufa wa tona wa m'botolo uli ku 3707, gulu la mankhwala ojambulira. Mukaitanitsa zonse m'bokosi limodzi, wogulitsa alembe mzere uliwonse pawokha ndi mtengo wake. Invoyisi yongoti masipeya, mtengo umodzi, ndi imene imachedwetsa katundu, chifukwa ofisala ayenera kutsegula n'kuyamba kusankhula yekha.

Aphunzitsi a ku Namwera
Ndiye bwanji tisonkhane? Pa boma pokha mashopu a fotokope ndi angati, kuwonjeza Namwera, Monkey Bay, Malindi, masukulu ndi mipingo ndi mizikiti yomwe ili ndi makina. Tiitanitse kamodzi pa teremu, bokosi limodzi, invoyisi yoona, ejenti mmodzi. Ndalama ya ejenti ndi thiransipoti tigawana, lisiti la kasitomu liikidwe pagulu pano aliyense aone.

Madala a ku Malindi
Maganizo abwino, koma ndalama asunge ndani? Magulu otere ndawaona ambiri, amafera pa msungichuma. Ndipo pakati pa kusonkha ndi kugula, kwacha ikagwa, wina adzati ine ndinapereka zokwanira.

Mayi a Fatuma
Tisasunge ndalama Madala. Mndandanda ukakwana, mtengo ubwere, aliyense atumize pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku limodzi, kugula tsiku lomwelo. Wochedwa adikire ulendo wina.

Achimwene a ku Chiponde
Zikhoza kutheka, koma katundu alowe m'dzina la munthu mmodzi amene ali ndi TPIN ndipo mbiri yake ya msonkho ili bwino. Ameneyo adziwe kuti pakavuta china, wofunsidwa ndi iyeyo. Za ku Joni zidzera ku Mwanza kapena ku Dedza, osati kuno kwathu, ndiye ndikulumikizani ndi mnzanga wa kumeneko. Ine pa ntchitoyi sindidyapo kanthu, musadzati ndimadzikokera.

Fundi wa pa Mpondasi
Amene mukufuna kulowa, musandilembere kuti makina anga ndi Canon yoyera ija. Jambulani kasitika ka kumbuyo komwe kali ndi model ndi ma volts, mutumize kuno. Amene sitika inafufutika ndidzabwera ndione ndekha, koma a ku Namwera mundilipirire galimoto, njinga yanga sikwera chitunda cha Chowe.

Wa ku Joni
Mndandanda ukakwana nditumizireni ndikafunse mitengo m'masitolo atatu Loweruka. Invoyisi yoona, Adimini, ndalonjeza. Koma wa Kyocera anene msanga, zake zimavuta kupeza.